Kodi intavyu imalemera bwanji posankha ophunzira udokotala?

Funso: Ndimakhala ku Namwera m'boma la Mangochi. Mwana wamkazi wa mlongo wanga ali Folomu 4 ndipo mtima wake wonse uli pa udokotala. M'kalasi amakhoza bwino, koma ndi wamanyazi, akaona anthu achilendo mawu amamuthawa. Anzanga akuti kusukulu za madokotala amasankha pa intavyu, moti ngakhale akhoze chotani, akakakamira pakamwa ndiye kuti zake zada. Palinso munthu wina amene akuti amakonzekeretsa ana intavyu ukamulipira. Kodi intavyuyo imalemera bwanji? Ndiyambe kusonkhanitsa ndalama? Ndine malume wake.

Yankho: Bambo, ndalamazo musatulutse kaye. Anzanuwo sananame kwenikweni, kungoti nkhani imene akunenayo ndi ya kwina. Kuli masukulu kumene intavyu ndi imene imagamula kuti uyu alowe, uyu abwerere kwawo. Kulinso masukulu kumene mwana amasankhidwa popanda wina aliyense kumva liwu lake. Ngati mwanayo akulinga kusukulu ya boma ya madokotala konkuno ku Malawi, ali m'gulu lachiwirili, ndipo manyazi sangamulande malo.

Tiyambe ndi khomo la kwathu kuno, chifukwa ndi limene ana ambiri a ku Namwera, Makanjira kapena Monkey Bay angalifikire. Sukulu imene anthu adazolowera kuitchula College of Medicine idatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre. Mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, mwachidule KUHeS. Mwana wochokera ku Folomu 4 amadzaza fomu kudzera ku bungwe la NCHE, lomwe limagwirizanitsa kasankhidwe ka ophunzira m'mayunivesite 6 a boma, ndipo pafomupo amandandalika mapulogalamu amene akufuna, loyamba kukhala la kumtima kwake. Chimene osankha amayang'ana ndi zotsatira za MSCE zochokera ku MANEB. Tebulo la ofunsa palibe, za "tiuzeni mbiri yanu" palibe.

Ndiye chimalemera apa ndi mapointi. Pa MSCE phunziro lililonse limalandira giredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Amawonkhetsa maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo, moti wokhoza kotheratu amapeza mapointi 6. Malo a MBBS, yomwe ndi digiri ya udokotala, ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana amene amawafuna, choncho olowa amakhala a mapointi otsika zedi, ndipo malire ake amasuntha chaka ndi chaka malinga ndi mmene ana akhozera. Koma chiwerengero chonsecho pachokha sichokwanira. Mwana akhoza kutsitsa mapointi ndi Chichewa, Agriculture ndi Social Studies, koma ngati Chemistry kapena Physics yatuluka 5, ku udokotala chitseko chimalimba. Pulogalamu iliyonse ili ndi magiredi ake ofunika pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, ndipo amalembedwa m'chilengezo cha chaka chimenecho. Chilengezocho muchiwerenge nokha, mzere ndi mzere, osadalira zomva kwa anzanu.

Apa ndi pamene ndalama zanu zingagwire ntchito. Sekondale zambiri zoyendera zilibe labotale yokwanira, ndipo mwana amakaona zipangizo zina koyamba pa tsiku la mayeso a practical. Ngati mungathe kumupezera mphunzitsi wa sayansi woti amugwiritse zipangizozo ndi manja ake kangapo, mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndi nyale ya sola yowerengera usiku, mwamugulira chinthu chimene osankha adzachione. Ndipo podzaza fomu asalembe udokotala wokha n'kusiya mizere ina ili mbee. KUHeS imaphunzitsanso za mano, za mankhwala, za mafizo, za kulabotale, unamwino ndi uzamba. Mwana wa mapointi abwino amene walemba mapulogalamu olimbiranidwa okhaokha amatha kutsala panja, mnzake wa mapointi ocheperapo mphamvu atalowa chifukwa adasankha mwanzeru.

Khomo lachiwiri ndi la makoleji a dipuloma: Malawi College of Health Sciences, ndi makoleji a mipingo omwe ali pansi pa CHAM, monga Malamulo ku Thyolo, St Luke's ku Malosa, Nkhoma, ndi St John's ku Mzuzu. Kumeneku ndi kumene kumachokera makiliniko ofesa, anamwino ndi azamba ambiri amene mumawaona m'zipatala zathu. M'makoleji otere si chachilendo kuitana ofunsira malo kuti adzalembe mayeso olowera kapena adzaonekere pamaso pa ofunsa, ndipo chilengezo chawo chimanena zimene zidzachitike chaka chimenecho. Kukakhala intavyu, imakhala yaifupi, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuona ngati munthuyo ndi mwini wake wa setifiketiyo, ngati amamva ndi kuyankha Chingerezi, komanso ngati akudziwa ntchito imene akuipempha.

Tsopano zimene anzanu adamva. Ku United Kingdom, ku America, ku Canada ndi ku Australia masukulu ambiri a madokotala amasankha kawiri. Poyamba amasefa ndi mapepala. Ku UK amaona magiredi a A-level, mayeso omalizira sekondale a kumeneko, ndi mayeso ena otchedwa UCAT, ndipo fomu imayenera kufika ku UCAS, bungwe lolandira mafomu a mayunivesite, pofika pa 15 October. MSCE payokha siyikwanira kumeneko, mwana amayenera kukhala ndi A-level kapena setifiketi ina ya mulingo womwewo yotchedwa IB, zimene kuno zimaphunzitsidwa m'sukulu zochepa monga Kamuzu Academy. Ku America munthu amayamba wachita digiri ina, komanso amalemba mayeso otchedwa MCAT, omwe malikisi ake amayambira 472 kulekeza 528. Odutsa sefa imeneyi okha ndi amene amaitanidwa ku intavyu. Wosaitanidwa, ngakhale akhale wa pakamwa potsetsereka ngati wolengeza pa wailesi, alibe poonetsera luso lakelo. Koma akaitanidwa, zinthu zimatembenuka: intavyu imasanduka chinthu cholemera kuposa china chilichonse. Bungwe la masukulu a madokotala ku America, AAMC, litafunsa akuluakulu osankha ophunzira lidapeza zomwezi, kuti magiredi ndi MCAT ndizo zimatsogola poitana anthu, pomwe zotsatira za intavyu ndizo zimatsogola popereka malo.

Si dziko lonse lakunja limene limatero. Ku India malo amagawidwa potengera mayeso amodzi a NEET. Ku South Africa sukulu ngati Wits ya ku Johannesburg imaika ana pamndandanda potengera magiredi a kusekondale ndi mayeso a NBT. Choncho mawu akuti "kunja amasankha pa intavyu" ndi oona theka.

Kumene intavyu ilipo, imagwiritsidwa ntchito m'njira zitatu, ndipo ndi bwino kudziwa njira ya sukulu imene mwana akupitako asanayambe kukonzekera. Masukulu ena amati onse oitanidwa ayambire pamzere umodzi: magiredi agwira kale ntchito yake, tsopano malo aperekedwa potengera malikisi a intavyu basi. Ena amaphatikiza. Yunivesite ya McMaster ku Canada kwa zaka zambiri yakhala ikupereka magawo 70 pa 100 kwa intavyu, 15 kwa magiredi a digiri, 15 kwa gawo limodzi la MCAT. Enanso amaigwiritsa ntchito ngati chipata chabe: amangofuna kuchotsa anthu amene aonetsa khalidwe lodetsa nkhawa, otsalawo n'kubwerera pamndandanda wa magiredi.

Pali kachinsinsi ka masamu kamene makolo ambiri sakaona. Sukulu ikanena kuti intavyu ndi magawo 30 okha pa 100, munthu amaganiza kuti ndi yopepuka. Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Oitanidwa onse ndi okhoza kale, ndiye pa magiredi amasiyana pang'ono: wotsogola ali ndi 95, wotsalira ali ndi 85. Kusiyana kwa 10 kumeneku mukakuchulukitsa ndi magawo 70 pa 100 kumapereka malikisi 7. Pa intavyu anthu omwewa amamwazikana: wina apeza 90, wina 40. Kusiyana kwa 50 pa magawo 30 pa 100 kumapereka malikisi 15. Mwaona? Chinthu chimene papepala chili ndi gawo laling'ono chasuntha anthu kuwirikiza kawiri kuposa chimene chili ndi gawo lalikulu. Kulemera kwenikweni kwa chinthu kumadalira mmene anthu asiyanirana pa chinthucho. N'chifukwa chake mwana amene anali nambala wani pa magiredi amatha kubwerera chimanjamanja, wina amene adangopulumukira pa sefa yoyamba n'kutenga malo.

Funso lina ndi lakuti, kodi intavyuyo imaonadi dokotala wabwino? Apa ndinene mosapsatira: intavyu yachikale, ya anthu awiri kapena atatu kucheza ndi mwana kwa theka la ola popanda mafunso okonzedwa, ndi muyeso wofooka. Umboni wake wodziwika udachokera ku Houston, ku Texas. Mu 1979 nyumba ya malamulo ya kumeneko idalamula sukulu ya madokotala kuti ichulukitse ophunzira kuchoka pa 150 kufika pa 200, kusankha kutatha kale. Sukuluyo idakakamizika kutenga anthu 50 mwa omwe idawakana atafunsidwa. Ofufuza adawatsatira onse m'zaka za maphunziro mpaka chaka choyamba cha ntchito, ndipo zimene adafalitsa mu 1987 zidaonetsa kuti okanidwa aja sadasiyane kwenikweni ndi osankhidwa poyamba. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wofunsa ndi munthu. Amakopeka ndi wofanana naye, amagamula m'mphindi zoyambirira n'kumangofuna umboni wotsimikizira chigamulocho, ndipo wofunsa wa m'chipinda ichi amakhala wowolowa manja pomwe wa chipinda chinacho ndi wouma. Mwayi wa mwana umadalira chitseko chimene walowa.

Pofuna kukonza zimenezi, a ku McMaster komweko adayambitsa njira yotchedwa MMI kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo lero ndi imene masukulu ambiri a ku UK, Canada ndi Australia amatsata. M'malo mwa chipinda chimodzi, mwana amazungulira timasiteshoni 6 mpaka 10. Pachitseko pamakhala pepala la nkhani, amapatsidwa mphindi imodzi kapena 2 zowerenga, belu likalira amalowa n'kukhalamo mphindi 5 mpaka 8, belu likaliranso amapita kwina. Siteshoni iliyonse ili ndi wofunsa wake amene amapereka malikisi payekha, osadziwa zimene mnzake wapereka. Kafukufuku wa ku McMaster yemweyo adapeza kuti ophunzira amene adawalandira kudzera m'njirayi adakhoza bwino mayeso a chilolezo cha udokotala ku Canada kuposa amene adawakana koma n'kukaphunzira m'masukulu ena.

Kwa mwana wamanyazi njira imeneyi ili ndi ubwino wake, ngakhale imamveka yoopsa. Akasokonezeka m'chipinda choyamba, wa m'chipinda chachiwiri sakudziwa kanthu, amamuona watsopano. Siteshoni imodzi yoipa mwa 8 sigwetsa munthu. Chimene chimagwetsa ndi kunyamula chisoni cha siteshoni yoipayo n'kulowa nacho m'zipinda zotsatira.

Komanso tisiyanitse kufatsa ndi kusowa chonena. Pa pepala la wofunsa sipalembedwa "wolongolola". Pamalembedwa zinthu monga: kodi wamvetsera, kodi waona mbali zonse za nkhani, kodi wafotokoza momveka, kodi wasonyeza kuti akumva ululu wa mnzake. Mwana wofatsa amene amamvetsera bwino amapeza malikisi pa zambiri mwa izi. Amene amavutika ndi uja wongoyankha "yes" ndi "no" maso ali pansi. Ndipo apa pali nkhani ya chikhalidwe imene tiyenera kuikamba. Kwathu kuno mtsikana wolera bwino sayang'ana wamkulu m'maso, amayankha motsitsa mawu, ndipo satsutsa. Zimenezi ndi ulemu, ndipo palibe cholakwika. Koma wofunsa wa ku Leeds kapena Toronto amaziwerenga ngati kusadzidalira kapena kubisa kanthu. Mwanayo auzidwe momveka, makamaka ndi inu malume ake, kuti m'chipinda chimenecho kuyang'ana wofunsa kumaso ndi kunena kuti "pamenepo ine ndikuona mosiyana" si mwano. Akamva chilolezocho kuchokera kwa wamkulu wa kubanja chimagwira mtima kuposa akachimva kwa mphunzitsi.

Ndikupatseni zitsanzo ziwiri zoyeserera kunyumba, zopangidwa ndi zinthu za kwathu konkuno koma zoyesa luso lomwelo.

Choyamba: mayi wabwera ndi mwana wotsegula m'mimba, wapatsidwa mapaketi a Thanzi ORS, koma sadziwa kuwerenga. Mufotokozereni. Mwana wokhoza m'kalasi amathamangira kuonetsa nzeru, amayamba za mchere wa m'thupi ndi mayina a sayansi, n'kumaliza m'mphindi imodzi, mayi uja ali kakasi. Wopeza malikisi amayamba ndi moni, amafunsa dzina la mwanayo ndi kuti wayamba liti kudwala. Amafunsa kuti kunyumba madzi amatunga kuti, pa mjigo kapena kunyanja, ndipo ali ndi chotani choyezera. Akamva kuti pali botolo la theka la lita, amati: "Musambe m'manja ndi sopo. Mudzaze botololi kawiri ndi madzi owiritsa ozizira kapena othira mankhwala, muthire m'chiwiya choyera, muthiremo paketi yonse, osati theka, mutakase. Muzimumwetsa pang'onopang'ono. Akasanza mudikire mphindi 10 n'kuyambiranso. Otsala akafika mawa nthawi ngati ino muwataye, mupange ena." Kenako amachita chimene ambiri amaiwala: "Mayi, tandibwerezereni mmene mukachitire mukafika kunyumba, ndione ngati ndafotokoza bwino." Taonani mawuwo, cholakwa akuchiika pa iye mwini wofotokoza, osati pa mayiyo.

Chachiwiri ndi cha chinsinsi. Ukuthandiza pachipatala mongodzipereka, ndipo waona mnansi wako pamzere wa olandira ma ARV. Madzulo azakhali ako akufunsa kuti, "Uja amakatani kuchipatala? Paja akufuna kukwatira msuweni wako." Utani? Yankho lofooka lili pawiri. Lina ndi "ndiwauza chifukwa ndi abale anga". Linalo ndi "sindinganene, ndi lamulo", basi n'kukhala chete. Lachiwirili ndi lolondola koma ndi losakwanira, chifukwa wofunsa akufuna kumva maganizo akuyenda. Yankho lamphamvu limavomereza kuti nkhawa ya azakhali ndi yeniyeni ndipo msuweniyo ali ndi moyo woti utetezedwe. Kenako limafotokoza chifukwa chimene chinsinsi chimasungidwira: pamudzi pamene aliyense amadziwa mnzake, zikangomveka kuti a kuchipatala amaulula, anthu amasiya kukatenga mankhwala kapena kukayezetsa, ndipo ovulala amachuluka. Limapezanso njira yachitatu: kuuza azakhali kuti za anthu obwera kuchipatala sizikambidwa, za aliyense, koma kuti ndi nzeru anthu onse ofuna kukwatirana akayezetse limodzi. Ndipo limamaliza ndi kudziwa malire: "Ine ndine wongothandiza, ngati zikundivutabe mumtima ndikafunsa namwino wamkulu." Wofunsa akhoza kukankha, "Nanga msuweniyo akatenga matenda?" Sakufuna kuti mwana asinthe yankho. Akufuna aone ngati angaime pa mfundo yake modekha, osapsa mtima, osagwa ulesi.

Zimene zimagwetsa ana okhoza n'zodziwika, ndipo manyazi sali pamwamba pa mndandandawo. Choyamba ndi mayankho oloweza. Wofunsa amene wamva ana 30 tsiku limodzi amazindikira nyimbo yoloweza m'chiganizo choyamba, ndipo akangosintha funso pang'ono woloweza uja amasowa polowera. Apa ndi pamene okonzekeretsa ena olipidwa amawononga ana, chifukwa amagawa mayankho ofanana kwa onse. China ndi funso lakuti "chifukwa chiyani ukufuna udokotala?" Pafupifupi aliyense amati akufuna kuthandiza anthu. Wofunsa amangoti, "Mphunzitsi amathandizanso anthu, namwino nayenso. Bwanji udokotala?" Amene sadaganizepo amathera pomwepo. China ndi kunama. Mwana akanena kuti adathandizapo pa opaleshoni kapena adawerenga buku lakutilakuti, funso lotsatira limamuvula. Ndipo pali zinthu zimene m'masukulu ambiri zimagwetsa munthu ngakhale malikisi ena onse ali bwino: kunyoza odwala a mtundu wina kapena chipembedzo china, kuseka amene amayamba apita kwa sing'anga, kuonetsa kuti kubera mayeso si nkhani, kapena kuchitira mwano wolandira alendo pakhomo.

Mankhwala a zonsezi ndi kukhala ndi zinthu zenizeni zoti unene, ndipo mwana wa ku Mangochi ali nazo zambiri kuposa mmene amaganizira. Amadziwa likodzo la ana osambira m'nyanja, malungo a nthawi ya dzinja, kolera imene idavuta kwambiri bomali mu 2022 ndi 2023, ndi mtunda umene mayi woyembekezera wa ku Makanjira amayenda kuti afike kuchipatala chachikulu. Ngati adakhalapo gadiyani wa agogo ake m'wodi, kugona pansi, kuphika kukhitchini ya magadiyani, kudikira dokotala m'mawa, ameneyo waona chipatala kuchokera mbali imene madokotala ambiri sadaionepo. Ngati amayankhula Chiyao ndi Chichewa, atchule, chifukwa wodwala amafotokoza bwino ululu wake m'chinenero cha kwawo. KUHeS yomweyo ili ndi kampasi ku Mangochi, ndipo ophunzira udokotala amabwera kudzaphunzira pa chipatala cha boma, komanso akhala akupita ku Lungwena kukaphunzira zaumoyo wa m'midzi. Zimene mwanayo wakulira nazo, anzake amachita kukwera basi kudzaziona.

Akafuna kuonjezera, asangolowa m'wodi mwachisawawa. Alembe kalata yopempha chilolezo kwa mkulu wa chipatala chapafupi kapena ku ofesi ya DHO, kudzera kwa mphunzitsi wamkulu. Chosavuta kupeza ndi kuperekeza mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ku sikelo ya ana: kuthandiza kukweza ana pa sikelo, kuona mmene amalembera m'mabuku a kuchipatala, kumva mmene amayankhulira ndi mayi amene mwana wake sakukwera. Madzulo alembe m'kope zinthu zitatu: ndaona chiyani, chandikhudza n'chiyani, ndikadakhala ine ndikadatani. Mayina a anthu asalembemo. Masiku 5 olembedwa chotere amaposa mwezi wathunthu wongoima pakhonde.

Kuyeserera kwenikweni sikulira ndalama. Milungu 6 isanafike intavyu, kawiri pa mlungu, mupeze anthu atatu kapena anayi amene mwanayo sadawazolowere: mphunzitsi wa sukulu ina, namwino, mkulu wa kumzikiti kapena kutchalitchi wodziwa Chingerezi. Achibale okhaokha sathandiza, chifukwa manyazi ake ndi a anthu achilendo. Aliyense akhale pakepake ndi funso limodzi lolembedwa papepala. Wina agwire foni yowerengera nthawi: mphindi 2 kuwerenga, mphindi 6 kuyankha, kenako asinthe. Zonse zichitike m'Chingerezi, cha ziganizo zifupizifupi, osasaka mawu akuluakulu. Mumujambule pa foni kamodzi pa mlungu adzionere yekha. Ambiri amadabwa kuona kuti amayankhula motsitsa kwambiri kapena amathamanga. Aphunzire kunena kuti sanamve funso ndipo alibwerezedwe, komanso kukhala chete masekondi 5 akuganiza asanayankhe. Kwa iye masekondiwo amaoneka ngati chaka, kwa wofunsa amaoneka ngati munthu woganiza.

Masukulu ambiri akunja kuyambira nthawi ya Covid-19 amachititsa intavyu pa intaneti, makamaka kwa ofunsira akutali, ndipo apa zogwetsa zimakhala zina. Nthawi yolembedwa m'kalata ndi ya kwawoko. Intavyu za ku UK zimachitika kwambiri kuyambira December mpaka March, pamene ife timakhala patsogolo ndi maola 2: 9 koloko m'mawa ku London ndi 11 koloko kuno. Iwo akasintha mawotchi Lamulungu lomaliza la March, kusiyanako kumatsala ola limodzi. Ngati netiweki ya kumudzi imadukaduka, apite kuboma dzulo lake akagone komweko, ayese linki pa malo omwewo ndi pa ola lomwelo. Laputopu ikhale yodzaza moto, foni yachiwiri ya kampani ina ikhale pambali ndi bandulo yake, chifukwa magetsi sapangana ndi munthu. Akhale moyang'ana zenera, osati kulifulatira, apo ayi nkhope imada bii. Pasipoti ikhale pafupi, amaifuna poyamba. Intaneti ikaduka pakati, alumikizenso msanga n'kulemba imelo nthawi yomweyo kufotokoza chachitika. Masukulu amakhala ndi dongosolo la zoterezi, koma amafuna kumva tsiku lomwelo.

Ngakhale mwanayo atalowa ku KUHeS popanda intavyu, khama limeneli silipita pachabe. Akamaliza chaka chokonzekera chotchedwa foundation n'kuyamba zaka 5 za MBBS, adzakumana ndi mayeso otchedwa OSCE, omwe amayenda ngati MMI yomweyo, siteshoni ndi siteshoni, belu likulira, akufunsa wodwala mbiri ya matenda pamaso pa woyesa. Adzaimanso pa bedi ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central kufotokoza wodwala kwa dokotala wamkulu anzake onse akumva. Pakamwa padzafunika ndithu, kungoti padzafunika atalowa kale, ndipo pamenepo amachita kuphunzitsidwa.

Za munthu wofuna kulipidwa uja, mumufunse kuti akukonzekeretsa intavyu ya sukulu iti, ndipo akuonetseni chilengezo cha sukuluyo pamene palembedwa kuti kuli intavyu. Akatchula MBBS ya ana a Folomu 4 kudzera ku NCHE, mwadziwa kale kuti akugulitsa chinthu chimene kulibe. Akanena kuti ali ndi munthu mkati amene angalowetse dzina, kapena mukalandira foni yoti mwana wasankhidwa koma mutumize kaye ndalama pa nambala ya munthu, dulani foniyo. Mayina a osankhidwa amatulutsidwa poyera, ndipo ndalama zofunsira malo zimalipidwa m'njira imene yalembedwa m'chilengezo, risiti n'kusunga. Akakhala wa masukulu akunja amene amalandira aliyense wolipira, "intavyu" yake ya mphindi 5 pa WhatsApp ndi mwambo chabe. Chofunika kufufuza pamenepo ndi chakuti sukuluyo ili m'kaundula wa World Directory of Medical Schools, ndiponso mufunse ku Medical Council of Malawi ngati digiri yake adzailandire mwanayo akadzabwerera kudzagwira ntchito.

Kanthu kena kakang'ono koti mukaone mwezi uno, mwanayo asanalembe mayeso: kalembedwe ka dzina lake. Mayina ambiri a kwathu kuno amalembedwa mosiyanasiyana, kusukulu mwina, pa chiphaso cha unzika mwina, dzina la bambo pena kulowa m'malo mwa la agogo. Dzina limene lalembetsedwa ku MANEB ndi limene lidzatuluke pa setifiketi, ndipo liyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi la pa chiphaso ndi pa pasipoti, pamodzi ndi tsiku lobadwa. Mupite kwa mphunzitsi wamkulu ndi chiphasocho m'manja mukafananize. Kukonza panopa ndi nkhani ya kusukulu konko. Kukonza setifiketi itatuluka kumafuna makalata olumbira ndi maulendo a ku Zomba.